Kupenya Anamgumi ndi Mbalame pa Ulendo Wopita ku Chilumba cha Marion

Mawu oyamba

M'Chichewa tili ndi liwu limodzi, nyanja, limene timatchulira nyanja yathu ya Malawi komanso nyanja zikuluzikulu zamchere zimene zazungulira dziko lapansi. Komabe kuyenda pa nyanja ziwirizi n'kosiyana kwambiri. Munthu amene wakwera Ilala kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay sakhala nthawi yaitali osaona mapiri. Akasowa mbali ino amaonekera mbali inayo. Pa nyanja yamchere, sitima ikangochoka padoko mtunda umazimirira tsiku lomwelo, ndipo masiku otsatira munthu amangoona madzi ndi thambo. N'zosavuta kuganiza kuti m'njira yoteroyo mulibe kanthu. Chonsecho m'madzi omwewo mumakhala nyama yaikulu kuposa nyama zonse zamoyo, ndipo pamwamba pake pamauluka mbalame ya mapiko aatali kuposa mbalame zonse.

Chimangirizo chino chifotokoza mmene anthu amapenyera anamgumi ndi mbalame za m'nyanja ali pa sitima. Titenga chitsanzo cha ulendo wochoka ku Cape Town, m'dziko la South Africa, kupita ku chilumba cha Marion. Tiona kumene nyamazi zimapezeka, mmene wopenya amagwirira ntchito yake, zizindikiro zimene amazidalira, ndiponso chifukwa chake zimene amalemba m'kope lake zili zofunika pa moyo wa nyamazo.

Njira ya ulendo

Chilumba cha Marion chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kumwera chakum'mawa kwa Cape Town. Chilumbachi, pamodzi ndi chinzake chaching'ono cha Prince Edward, chinakhala m'manja mwa South Africa kumapeto kwa 1947 ndi kumayambiriro kwa 1948. Pachilumbapo palibe mudzi. Pamakhala kagulu ka akatswiri ofufuza ndi oona zanyengo amene amasinthana chaka ndi chaka. Sitima imene imakawatula ndi kukawatenga ndi S.A. Agulhas II, yotalika mamita 134, imene inamangidwa ku Finland ndipo inayamba ntchito mu 2012. Ulendo wake umatenga masiku anayi kapena asanu. Alendo wamba saloledwa kutsika pachilumbapo, koma mu January 2022 bungwe la BirdLife South Africa linakonza ulendo wa anthu oposa 1,000 okonda mbalame pa sitima yaikulu, ndipo anakafika m'madzi oyandikira chilumbachi n'kubwerera. Ulendo wina wotere unachitikanso mu January 2025.

Chinthu choyamba chimene wopenya ayenera kudziwa n'chakuti nyanja si yofanana paliponse. Monga mmene kumtunda kulili dambo lachonde ndi thengo louma, m'nyanjanso muli malo a chakudya chambiri ndi malo a njala. Asodzi a utaka kwathu kuno amadziwa miyala ya pansi pa madzi pamene nsomba zimasonkhana, ndipo saponya chilimira mwachisawawa. Wopenya anamgumi naye amafunika nzeru yomweyo.

Kumadzulo kwa Cape Town madzi ndi ozizira. Mphepo imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndipo madzi ozizira a pansi amakwera m'malo mwake atanyamula michere imene tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi timadya. Tizomerati timadyedwa ndi tizilombo, tizilombo timadyedwa ndi nsomba, ndipo nsomba zimakopa mbalame ndi anamgumi. Dera limeneli limatchedwa Benguela. M'zaka za 2011, 2014 ndi 2015 ofufuza anaona kumeneko magulu a anamgumi a mtundu wa humpback akudya pamodzi, magulu ena ofika 200. Sitima ikapitirira, imafika pamene pansi pa nyanja pamatsetsereka mwadzidzidzi kuchoka pa kuya kwa mamita mazana ochepa kufika pa mamita zikwi. Apa ndi pamene zombo za asodzi zimakokera makoka, ndipo kumbuyo kwa chombo chimodzi kumatha kusonkhana mbalame zikwizikwi. Kenaka sitima imadutsa madzi ofunda a Agulhas, amene amayenda ngati mtsinje waukulu mkati mwa nyanja kutsika ndi gombe la kum'mawa kwa Africa, n'kukhotera kum'mawa akafika kumwera kwa South Africa. Cha pa madigiri 40 kumwera, madzi ofunda amakumana ndi madzi ozizira ochokera chakumwera, ndipo kutentha kwa madzi kumatsika pa mtunda waufupi. Pamalire oterewa chakudya chimachuluka. Wopenya wanzeru amafunsa oyendetsa sitima za kutentha ndi kuya kwa madzi, chifukwa manambala amenewa amamuuza nthawi yoti akhale tcheru.

Ntchito ya wopenya

Pali kusiyana pakati pa kungoyang'ana nyanja ndi kupenya mwadongosolo. Woyang'ana amatuluka panja akamva anzake akufuula, n'kubwereranso m'chipinda kukazizira. Wopenya amaima pamalo amodzi kwa nthawi yoikika, amayang'ana dera loikika, ndipo amalemba zonse.

Malo abwino ndi okwera, pafupi ndi chipinda choyendetsera sitima. Chifukwa chake n'chakuti dziko ndi lozungulira, choncho maso amafika patali malinga ndi kukwera kwa malo amene munthu waima. Munthu amene maso ake ali mamita 2 pamwamba pa madzi amaona mpaka makilomita 5, pamene amene ali mamita 20 pamwamba amaona mpaka makilomita 16. Wopenya amayamba kusesa nyanja ndi maso okha, pang'onopang'ono, kuchokera pafupi ndi sitima mpaka m'chizimezime, chifukwa maso okha amaona dera lalikulu ndipo amagwira msanga chinthu chimene chagwedezeka. Magalasi oonera kutali amawakweza akaona kanthu. Magalasi okuza zinthu kasanu n'kawiri kapena kasanu n'katatu ndi amene amathandiza, popeza okuza kwambiri amanjenjemera sitima ikamagwedezeka.

Powerenga mbalame, njira imene ofufuza ambiri amatsata ndi yakuti wopenya amasankha mbali imodzi ya sitima, kuyambira kutsogolo mpaka m'mbali, ndipo amawerenga mbalame zokhazo zimene zili mkati mwa mamita 300. Nthawi amaidula m'zigawo za mphindi khumikhumi. Pa chigawo chilichonse amalemba malo amene sitima ili, liwiro lake, mtundu wa mbalame ndi chiwerengero chake. Mbalame zotsatira sitima amazilemba padera, chifukwa mbalame imodzi ikhoza kuzungulira sitima tsiku lonse, ndipo munthu wosasamala akhoza kuiwerenga kokwana makumi asanu. Powerenga anamgumi, wopenya amalemba mtunda ndi mbali imene namgumi waonekera. Manambalawa amathandiza kuyerekeza kuchuluka kwa anamgumi amene analipo koma sanaoneke, popeza namgumi wakutali amaphonyeka mosavuta kusiyana ndi wapafupi.

Amalembanso mmene nyanja ilili. Pa ichi amagwiritsa ntchito muyeso wa mphamvu ya mphepo umene anakonza Francis Beaufort mu 1805, woyambira pa 0, pamene madzi ali bata ngati galasi, kufika pa 12, pamene kuli namondwe woopsa. Mphepo ikafika pa 5, mafunde a thovu loyera amadzaza nyanja, ndipo kusiyanitsa thovu ndi mpweya wa namgumi kumavuta. Kumwera kwa madigiri 40 mphepo yamphamvu ndi ya masiku onse, mwakuti mwera wathu wa mu July ungaoneke wofatsa. Chodabwitsa n'chakuti nyengo imene imabisa anamgumi ndi imene mbalame zikuluzikulu zimakonda, monga tionera kutsogoloku.

Lamulo lovuta kulisunga ndi lakuti ola limene munthu sanaone kanthu liyenera kulembedwa mosamala ngati ola limene waona zambiri. Wina akanena kuti anaona anamgumi khumi, mawu akewo sathandiza kwenikweni ngati sitikudziwa kuti anapenya kwa maola angati. Anamgumi khumi pa maola awiri ndi nkhani ina, anamgumi khumi pa maola makumi asanu ndi nkhani inanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa sitima kudekhako ndi kuima m'mphepo yozizira, nseru ili pakhosi, n'kulemba 0 pa mzere uliwonse mpaka dzuwa kulowa.

Kuzindikira anamgumi

Ngakhale amakhala m'madzi, namgumi si nsomba. Amapuma ndi mapapo, magazi ake ndi ofunda, amabereka mwana wamoyo ndipo amamuyamwitsa. Mchira wake ndi wopingasa ndipo umakupiza chokweza ndi chotsitsa, pamene wa nsomba umapita uku ndi uku. Mphuno zake zili pamwamba pa mutu. Popeza ayenera kutulukira pamwamba kuti apume, kupumako ndiko kumamuulula.

Namgumi akatulutsa mpweya, pamaoneka chinthu choyera chonga utsi. Anthu ena amaganiza kuti akulavula madzi amene wameza, koma kwenikweni ndi mpweya wofunda wa m'mapapo umene umasanduka nthunzi ukatuluka mwamphamvu, pamodzi ndi timadzi timene tinali pamphuno. N'chimodzimodzi ndi nthunzi imene imatuluka m'kamwa mwathu mmawa wa mu June ku Dedza. Amene anaonapo nkhungu zikukwera pa nyanja ya Malawi ngati utsi patali akhoza kuyerekeza maonekedwe ake, kungoti mpweya wa namgumi umatha m'kanthawi kochepa chabe. Wopenya akauona sachotsa maso pamalopo. Amauza anzake mbali yake poyerekeza sitima ndi wotchi: kutsogolo ndi 12 koloko, kumanja ndi 3 koloko, kumanzere ndi 9 koloko.

Kaonekedwe ka mpweyawo kamasiyana malinga ndi mtundu. Blue whale, amene ndiye wamkulu pa onse, amatha kutalika mamita 30 ndi kulemera matani oposa 150, ndipo mpweya wake umakwera mowongoka ngati mzati mpaka mamita 9 kapena kuposa. Msana wake umatenga nthawi kudutsa pamwamba pa madzi, ndipo kachipsepse kake kakang'ono kamaonekera kumapeto kwenikweni. Fin whale ndi wachiwiri pa kukula. Mpweya wake nawo ndi wautali, koma chipsepse chake cha pamsana n'chachikulupo, ndipo chibwano chake n'choyera kumanja, chakuda kumanzere. Southern right whale alibe chipsepse pamsana, ali ndi zigamba zokhakhala pamutu, ndipo mpweya wake umagawika pawiri ngati mphanda. Humpback ali ndi mpweya wofanana ndi chitsamba, zipsepse zam'mbali zazitali zofika gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake, ndipo akamamira amapinda msana n'kukweza mchira. Sperm whale ali ndi bowo limodzi lopumira kumanzere kwa mutu, choncho mpweya wake umapendekera kutsogolo chakumanzere. Ameneyu amapezeka m'madzi akuya, amamira kupitirira mamita 1,000 posaka nyama zofewa zotchedwa squid, ndipo akhoza kukhala pansi kwa ola lathunthu. Amene wamuona akukweza mchira asayembekeze kumuonanso, pakuti pofika nthawi yotuluka sitima idzakhala ili kutali.

Mwa mitundu isanuyi, sperm whale yekha ndiye ali ndi mano. Enawo ali ndi zosefera zolendewera ku nsagwada yapamwamba, zimene amasefera madzi ngati mmene timasefera ufa, n'kutsala ndi tinkhanu ting'onoting'ono totchedwa krill, totalika masentimita 6 kapena kucheperapo. Tinkhanuti timachuluka m'madzi ozizira a ku Antarctica m'miyezi ya December mpaka March. N'chifukwa chake anamgumi ambiri amakadya kumeneko m'miyezi imeneyo, ndipo kukazizira amabwera kumadzi ofunda kudzabereka. A humpback amafika ku gombe la Mozambique ndi Madagascar kuyambira cha mu June mpaka October, pamene a southern right amaoneka pafupi ndi gombe ku Hermanus kuyambira June mpaka November. Motero mwezi wa ulendo umauza wopenya mitundu imene angayembekezere.

Nthawi zambiri namgumi amaoneka kwa masekondi ochepa, ali patali. Wopenya woona mtima akakayika amalemba kuti waona namgumi wamkulu wosadziwika mtundu. Kulota dzina kuti kope lioneke lokoma kumaononga ntchito ya aliyense amene adzagwiritse ntchito kopelo. Chithunzi chimathandiza kwambiri, makamaka cha kunsi kwa mchira wa humpback, chifukwa mawanga ake ndi osiyana pa namgumi aliyense ngati zidindo za zala zathu. Pofananitsa zithunzi, ofufuza amadziwa kuti namgumi amene anajambulidwa ku Antarctica ndi yemweyo amene waoneka kwina patapita zaka.

Kuzindikira mbalame

Tsiku loyamba la ulendo mbalame zambiri ndi za m'mbali mwa nyanja, zimene zimagona kumtunda, monga Cape gannet, imene imadzigwetsa m'madzi kuchokera m'mwamba mapiko atapindidwa. Mtunda ukazimirira, izi zimatsala, ndipo zimayamba kuoneka mbalame za pakati pa nyanja zenizeni: albatross, petrel, shearwater ndi prion. Mbalamezi ndi za fuko limodzi. Mphuno zake zili ngati timapaipi pa mlomo, zimanunkhiza chakudya chili kutali, ndipo zimamwa madzi amchere popanda vuto chifukwa pamwamba pa maso zili ndi tiziwalo tochotsa mchere m'magazi. Kumtunda zimangopitako kukaswa.

Mfumu ya zonsezi ndi wandering albatross, imene mapiko ake akatambasuka amafika mamita 3.5 kuchokera nsonga ina kufika nsonga inzake. Ikhoza kuuluka nthawi yaitali osakupiza mapiko. Chinsinsi chake chili m'mphepo. Pafupi ndi madzi mphepo imayenda pang'onopang'ono chifukwa mafunde amaitchinga, koma mamita ochepa pamwamba imathamanga. Mbalameyi imakwera moyang'anana ndi mphepo, imatembenuka ili pamwamba, imatsika mphepo ili kumbuyo, n'kutembenukanso pafupi ndi madzi. Pa kuzungulira kulikonse imatapa mphamvu pa kusiyana kwa liwiro la mphepoko. M'mapewa mwake muli mtsempha umene umagwira mapiko ali chitambasukire popanda kutopetsa minofu. N'chifukwa chake tsiku la bata albatross imangokhala pamadzi ngati bakha, koma tsiku la mphepo, pamene anthu ambiri agona m'zipinda ndi chizungulire, imadutsa sitima mosavutika. Ofufuza anapeza kuti mtundu wina, grey-headed albatross, unazungulira dziko lonse kumwera m'masiku 46.

Kumbali inayo kuli Wilson's storm petrel, kambalame kakuda ka kumbuyo koyera, kolemera magalamu pafupifupi 40, kamene kamapondaponda pamadzi ndi timiyendo take potola tizilombo. Pakati pa ziwirizi pali mitundu yambirimbiri yofanana maonekedwe. Popeza mitundu ya nthenga ndi yochepa, yoyera, yakuda ndi yotuwa, wopenya amayamba ndi kukula kwa mbalame ndi kaulukidwe kake, kenaka kunsi kwa mapiko, pomaliza mtundu wa mlomo. Vuto lina n'lakuti wandering albatross imasintha maonekedwe pokula: yaing'ono ndi yoderako thupi lonse kupatula nkhope, ndipo imayererayera ndi zaka, mwakuti wongoyamba kumene akhoza kulemba mitundu itatu pamene waona umodzi.

Mbalame zimathandizanso kupeza anamgumi. Gulu la mbalame likamazungulira pamalo amodzi n'kumatera, ndiye kuti pansipo pali chakudya, ndipo kawirikawiri pamakhalanso nyama yaikulu imene ikuchithamangitsira pamwamba.

Nkhani ya mayina

Owerenga aona kuti mayina onsewa si a Chichewa. Ife tili ndi liwu limodzi, namgumi, la mitundu yonse ija, pamene nsomba za m'nyanja yathu timazisiyanitsa bwinobwino: chambo, utaka, usipa, kampango, mpasa, ncheni. Chiyankhulo chimachulukitsa mayina pa zinthu zimene eni ake amazipenya tsiku ndi tsiku. Mayina a Chingerezi nawo anachokera kwa anthu oyenda panyanja. Liwu lakuti albatross linachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti alcatraz, limene amalinyero ankatchulira mbalame zina zikuluzikulu za m'madzi. Ambiri amati petrel ndi dzina lokumbutsa Petro woyenda pamadzi, chifukwa cha kupondaponda kuja. Ambiri amatinso right whale anatchedwa choncho ndi alenje, kutanthauza kuti ndiye woyenera kupha, popeza amasambira pang'onopang'ono pafupi ndi gombe ndipo akafa amayandama. Kwa wopenya, dzina ndi chida cha ntchito. Amene amangoti namgumi pa mitundu yonse sangazindikire kuti mtundu umodzi ukutha pamene ina ikuchuluka.

Chifukwa chake kuwerengaku n'kofunika

M'zaka za m'ma 1900 anthu anapha anamgumi pafupifupi 2.9 miliyoni, ndipo pafupifupi 2 miliyoni mwa iwo anaphedwa m'nyanja za kumwera. Ankawafuna makamaka chifukwa cha mafuta. Ku Durban ntchito yopha anamgumi inayamba mu 1908 ndipo inatha mu 1975. A blue whale a ku Antarctica oposa 300,000 anaphedwa, mwakuti pofika zaka za m'ma 1970 otsala sankafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a chiwerengero chawo choyamba. Bungwe la International Whaling Commission, lokhazikitsidwa mu 1946, linaletsa kupha blue whale mu 1966, ndipo mu 1982 linagwirizana zoimitsa kupha anamgumi onse pa malonda kuyambira nyengo ya 1985 ndi 1986.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro lokhudza manambala. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha anamgumi chinkadziwika kudzera m'malipoti a alenje eni ake. Mu 1993 kunaululika kuti zombo za dziko la Soviet Union zinkapereka manambala abodza, ndipo kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti zinapha anamgumi pafupifupi 180,000 amene sizinalembe, kuphatikizapo mitundu yoletsedwa. Izi zikuonetsa kufunika kwa anthu openya amene sapindula kanthu ndi imfa ya nyamazo. Kuyambira 1978 mpaka 2010, bungwe lija linkatumiza zombo ku nyanja zozungulira Antarctica chaka ndi chaka, ntchito yake kungopenya ndi kulemba motsata njira zimene tafotokozazi. Kuchokera m'makope amenewo ofufuza anatha kunena motsimikiza kuti a blue whale ayambanso kuchuluka, ngakhale kuti akadali ochepa kwambiri.

Kwa albatross ngozi inabwera mwa njira ina. Zombo zina zimaponya chingwe chotalika makilomita ambiri chokhala ndi mbedza zikwizikwi. Mbalame imathamangira nyambo isanamire, imakodwa, n'kukokedwera pansi. Zina zimawombedwa ndi zingwe zokokera makoka. Mbalame ngati nkhanga ikhoza kupirira imfa zambiri chifukwa imaikira mazira ochuluka chaka chilichonse. Wandering albatross imayamba kuswa ili ndi zaka pafupifupi 10, imaikira dzira limodzi, ndipo mwana amatenga miyezi pafupifupi 9 kuti auluke, choncho imaswa kamodzi pa zaka ziwiri. Kholo limodzi likafa, mwana pachisa amafanso ndi njala. Mwa mitundu 22 ya albatross, yoposa theka ili pa chiopsezo cha kutha. Mu 2001 mayiko angapo, kuphatikizapo South Africa, anakonza pangano loteteza mbalamezi, lodziwika ndi dzina lakuti ACAP, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004. Mu 2006 gulu la Albatross Task Force linayamba kukwera zombo za asodzi ku South Africa, kuwerenga mbalame zakufa ndi kuphunzitsa asodzi kumanga zingwe za nsanza zowala kumbuyo kwa chombo zoingitsira mbalame, mofanana ndi zoopsezera mbalame m'munda wa mpunga. Lipoti la mu 2014 linaonetsa kuti pa zombo zokoka makoka a nsomba za hake imfa za albatross zinatsika ndi 99 pa 100 iliyonse. Nambala imeneyi inadziwika chifukwa panali munthu kumbuyo kwa chombo amene anawerenga zingwezo zisanamangidwe, n'kuwerenganso zitamangidwa.

Pachilumba cha Marion penipeni pali vuto lina. Timbewa ta m'nyumba tinafika kumeneko ndi zombo za alenje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1949 anthu anabweretsa amphaka asanu kuti athane nato, koma amphakawo anaswana kupitirira 2,000 n'kuyamba kudya mbalame zikwi mazanamazana chaka chilichonse. Zinatenga mpaka 1991 kuti amphaka athe. Timbewa tinatsala, ndipo chifukwa chilumbachi chikufunda ndi kuuma, tachuluka mpaka kutha tizilombo timene tinkadya. Mu 2003 ofufuza anayamba kupeza anapiye a albatross ali ndi zilonda zolumidwa ndi mbewa. Mbalamezi zinakula kwa mibadwomibadwo pa zilumba zopanda adani a pamtunda, choncho mwanapiye amangokhala pachisa uku akudyedwa wamoyo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a wandering albatross a padziko lonse amaswera pa Marion. Boma la South Africa ndi BirdLife South Africa anakhazikitsa ntchito yotchedwa Mouse-Free Marion, imene cholinga chake ndi kuwaza nyambo ya poizoni ndi ndege za helikopita pa chilumba chonse. Maulendo aja a 2022 ndi 2025 anathandiza kusonkhetsa ndalama za ntchito imeneyi.

Mawu omaliza

Taona kuti nyanja imene imaoneka yopanda kanthu ili ndi madera ake a chonde, ndipo amene amadziwa kutentha ndi kuya kwa madzi amadziwanso nthawi yokhala tcheru. Taona kuti namgumi amadziwika ndi mpweya, msana ndi mchira, ndipo mbalame imadziwika ndi kukula, kaulukidwe ndi kunsi kwa mapiko. Taonanso kuti kupenyaku kumakhala kwa phindu kukakhala ndi nthawi yoikika, dera loikika ndi kope loona mtima, lolembedwa ngakhale pa maola amene sipanaoneke kanthu. Nyama za pakati pa nyanja zikhoza kutha popanda wozindikira, chifukwa kumene zimakhala kulibe mudzi woti n'kudandaula. Zimene tikudziwa za kuchepa ndi kuchulukanso kwa blue whale, komanso za imfa za albatross, zinachokera kwa anthu amene anaima pa sitima ndi pensulo m'manja. Wophunzira wa kuno amene angadzapeze mwayi wa ulendo wotere atenge chovala cha mphepo, magalasi ndi kope, ndipo mzere woyamba alembe tsiku, nthawi, malo ndi mphamvu ya mphepo asanaone n'komwe kanthu.